Zimene ndinaphunzitsa Lachisanu ndi zimene ndinaphunzitsa Lamulungu

Tamandani ndi Chisomo, ana anga, nkhani ya ku Kaomba inachitika muli aang'ono, ndipo munaimvera kwa anthu a pachigayo, amene ankati mayi anu anaimitsidwa mu mpingo chifukwa chokana Mulungu. Sindinakane Mulungu. Koma sindingakuuzeninso kuti mtima wanga unali phee m'zaka zimenezo, kapena kuti lero wakhazikika. Poti ndinapuma pa ntchito ndipo maso akadaona, ndikufuna muimve kwa mwini wake.

M'zaka za m'ma 1980, ku Wimbe

Uphunzitsi ndinayambira ku Wimbe, pa sukulu ya pulayimale yozunguliridwa ndi minda ya fodya mbali zonse. Ndinafika pa lole yochokera ku okushoni ya fodya, nditakhala pa ziguduli zopanda kanthu, ndi sutikesi yachitsulo ndi mphasa. Ahedi anali a Mbewe, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankakhulupirira kuti mphunzitsi wamkazi sangathe ana akuluakulu. Anandipatsa Sitandade 5 chifukwa panalibe wina, ndipo ankakonda kuima pazenera kumvetsera ngati ndilakwitse. Choko ankasunga m'thumba la jekete n'kumatigawira chidutswachidutswa. Mvula ikayandikira ana ankayamba kuchepa, ena ku nazale, ena kukawokera, ndipo nthawi yothyola ndi kusoka fodya kalasi inkatsala theka. Obwerawo ankafika manja ali bii ndi phula la fodya, n'kumasiya zidindo za zala m'makope.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu, a Mwale. Kwawo kunali ku Kaomba, koma nthawi imeneyo ankalima fodya pa munda wa amalume awo. Titakwatirana, abusa atamva kuti mkazi watsopanoyu ndi mphunzitsi, anandipatsa Sande sukulu. Nkhani ya chilengedwe ndinkaikonda kuposa zonse. Ndinkatuma ana kukatapa dothi kudambo, tinkaumba ng'ombe, nsomba ndi anthu, n'kumawerenga masiku a kulenga ndi zala mpaka tsiku lopuma. Sindinkafunsa kanthu. Dziko linali ndi denga, ndipo pamwamba pa dengalo panali Mulungu. Patapita zaka zambiri, m'bale wanu Yamikani atamwalira ndi malungo asanayambe n'kuyenda komwe, iwe Tamandani unandifunsa kuti mwana wapita kuti. Ndinaloza pamwamba pa chigafa cha bambo ako, ndipo ndinkadziwa bwinobwino kumene ndikuloza.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku koleji

Masekondale oyendera atachuluka m'midzi, aphunzitsi ake kunalibe, choncho anatenga ife a ku pulayimale. Ine ananditumiza ku Kaomba, kwawo kwa bambo anu, kuti ndikaphunzitse jogalafe ndi sayansi, maphunziro amene ndinawasiyira ku Folomu 4. Ndinkawerenga lero zimene ndikaphunzitse mawa, ndipo mwana akafunsa zopitirira tsamba limenelo ndinkamuuza kuti belu latsala pang'ono kulira. Mwayi wokawonjezera maphunziro nthawi ya tchuthi utapezeka, sindinazengereze.

Amene ankatiphunzitsa za dziko ndi nyenyezi anali bambo wina wochepa thupi, woyenda ndi ambulera ngakhale m'chilimwe. Anatiuza kuti dzuwa ndi nyenyezi imodzi mwa nyenyezi zosawerengeka, kuti nyenyezizo zili m'magulumagulu, ndipo maguluwo akutalikirana, kuthawana nthawi zonse. Anati ukabwerera nazo m'mbuyo, upeza kuti zonse zinali pamodzi, malo amodzi otentha koopsa, zaka mabiliyoni ambiri zapitazo. Chimene chinandivuta n'chakuti sanatipemphe kuti timukhulupirire. Anatifotokozera mmene anthu anayezera, n'kutipatsa masamu oti tiwerengere tokha, ndipo yankho langa linafanana ndi lake. Ndinabwereza, likhale lomwelo.

Anzanga atatuluka, ndinamutsatira pakhonde.

"Pepani bambo, ngati kumtundaku kulibe denga, ndiye kumwamba kuli pati?"

"Mayi, funso limenelo si la kalasi ino. Ine Lamulungu ndimaimba kwaya, Lolemba ndimabwera kuno."

"Ndiye zimagwirizana bwanji?"

"Masiku ena zimagwirizana," anatero, n'kutsegula ambulera yake n'kumapita.

Ndinabwerera kunyumba funsolo lidakali m'mutu. Ndikagwada kupemphera, maganizo ankathamangira ku mtunda wopanda malire uja, ndipo ndinkasowa koyang'ana. Tsiku lina ndinawapeza bambo anu akusankha fodya m'chigafa, ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, mpaka kuwafunsa kuti nanga Yamikani ali kuti. Sanaleke n'kusankha komwe.

"Mayi a Tamandani, munapita kukafuna satifiketi kapena kukafuna mavuto? Mwana wathu ali kwa Mulungu, basi. Tandipatsirani masamba awo."

Ndinawapatsira. Koma ndinayamba kuwerenganso Malemba pang'onopang'ono, osati mmene ndinkawerengera ana. Ndinaona chinthu chimene ndinachidutsa zaka zonse: dzuwa limatchulidwa pa tsiku lachinayi, pamene masiku atatu atha kale. Nanga masiku atatu oyambawo ankayezedwa ndi chiyani? Ndinayamba kuganiza kuti mwina sanali masiku athuwa, otuluka dzuwa kum'mawa n'kukalowa kumadzulo. Mwina Malemba akutiuza amene analenga ndi chifukwa chake, ndipo oyeza nyenyezi akutiuza njira imene zinadzera. Maganizo amenewa masiku ena ankandigwira dzanja, masiku ena ankandithawa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ku Kaomba

Ahedi athu ku Kaomba anali a Gondwe, ochokera kumpoto, munthu wofatsa amene anamanga sukuluyo popemphapempha. Labotale kunalibe. Buku la jogalafe linali limodzi, masamba ena atadyedwa ndi chiswe, ndipo ana a Folomu 1 ankaphunzirira m'shedi yakale ya fodya imene fungo lake silinkatha. Atawona m'ndondomeko yanga kuti ndafika pa mutu wa dziko ndi nyenyezi, anandiitana.

"Yayi, mama, za chiyambizo zilumpheni. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, sindinazigwirepo. Komiti ya makolo ndi akulu a mpingo okhaokha, ndipo njerwa za buloko yatsopano ya makalasi akuumba ndi iwowo."

"Nanga zikabwera pa mayeso?"

"Mafunso amakhala ambiri, ana asankha ena."

Sindinawatsutse, koma sindinalumphe. Ndinakabwereka chubu chakale ndi pampu kwa a Sadiki, okonza njinga pamsika. Lachisanu ndinajambula timadontho ta choko pa chubucho, ndikuwauza ana kuti dontho lililonse ndi gulu la nyenyezi. Mtsikana wina ankapopa, enawo atazungulira, n'kumaona timadontho tikutalikirana popanda kalikonse kosuntha pamalo pake. Anapopa mopitirira, chubu chinaphulika, atsikana anakuwa, ndipo wina kumbuyo anafunsa kuti, "Madamu, ndi mmene zinayambira?" Kalasi yonse inagwa nacho chiseko. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti ndine mphunzitsi weniweni.

Lamulungu lake, ambiri mwa ana omwewo anali patsogolo panga m'tchalitchi, pakuti ndinkaphunzitsa kalasi ya ana okulirapo, ndipo phunziro la m'ndandanda linali la chilengedwe. Pakati pawo panali Esinta, mwana wa a Chimwaza, mkulu wa mpingo. A Chimwaza sanali munthu woipa, muzidziwa zimenezo. Ndi iwo amene analalikira pa maliro a Yamikani titabwera naye kudzaika kuno, ndipo mawu awo ndi amene anandilimbitsa tsiku limenelo. Esinta anali mwana waulemu, wosayankhula pagulu. Tsiku limenelo anakweza dzanja.

"Madamu, Lachisanu munati zaka mabiliyoni. Lero mukuti masiku asanu ndi limodzi. Kodi mumanama tsiku liti?"

Sankandinyoza. Ankafunadi kudziwa, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene akuopa yankho. Ndinamuuza zimene ndinali nazo, za dzuwa la tsiku lachinayi, ndi kuti tsiku la Mulungu mwina si tsiku la ife. Anagwedeza mutu, n'kukawafunsa bambo ake madzulo.

Bwalo la akulu a mpingo linandiitana. Abusa anakhala pakati osayankhula zambiri, ndipo amene anayala nkhani anali a Chimwaza.

"Mayi Mwale, palibe akudana nanu pano. Koma mwana wanga wabwera kudzandifunsa ngati tsiku ndi tsikudi. Lero ndi tsiku. Mawa adzandifunsa ngati kuuka kwa akufa ndi kuukadi. Inu ndinu mkazi wa mlimi, mukudziwa kuti mukazula nsichi imodzi ya chigafa, fodya yense amagona pansi. Tikasiya mawu amodzi, tikaimira pati?"

Mantha awowo anali omwewo amene ine ndinkayenda nawo chibwerere ku koleji. Ndinangoti, "Abambo, funso limenelo inenso limandisowetsa mtendere."

Anagwirizana kuti andipatse njira yofewa. Lamulungu likudzalo ndiime pamaso pa anawo, akulu awiri alipo, ndinene kuti zakusukulu zija ndi zongolembera mayeso, si zoona. Ndikatero, nkhani yatha.

Sabata imeneyo sindinakhale pansi. Ndinkachoka kusukulu n'kudutsa pakhomo osalowa, kumangozungulira m'minda ndikuyeseza mawuwo pakamwa. Bambo anu anandidikira tsiku lina pamphambano ya kudimba.

"Ndi mawu chabe," anatero. "Nenani, tikhale pa mtendere. Inu boma likhoza kukusamutsani mawa, koma ine pano ndi pathu. Tikadzafa, odzatiimbira ndi anthu omwewa."

Sanalakwe. Ndinaganizira za azilamu anga, za inu awiri kumakula mukulozedwa zala, za maliro opanda nyimbo. Ndinaganiziranso kuti mwina olakwa ndine, kuti masamu aja anandisokoneza mutu. Koma ndikafika pa mawu akuti "si zoona", lilime linkalemera. Ndikanati ndinene, ndikanawaphunzitsa anawo kuti Mkhristu amaloledwa kulemba zimene akudziwa kuti ndi bodza pofuna satifiketi. Ndipo ngati silinali bodza, ndiye kuti bodza lenilenilo ndikanalinenera m'nyumba ya Mulungu. Esinta anafunsa tsiku limene ndimanama, ndipo ine ndikanakhala ndamusankhira tsikulo.

Lamulungu ndinaima. A Chimwaza ndi mkulu wina anakhala pa benchi yakumbuyo.

"Ana inu," ndinatero, "zimene ndinakuphunzitsani Lachisanu ndi zimene anthu anayeza, ndipo ndikukhulupirira kuti anayeza bwino. Zimene ndimakuphunzitsani muno, kuti zonse analenga ndi Mulungu ndipo palibe chinadzipanga chokha, ndikuzikhulupiriranso ndi mtima wanga wonse. Mmene ziwirizi zimalumikizirana sindikudziwa bwinobwino. Koma sindinakunamizeni, kaya Lachisanu kaya Lamulungu."

A Chimwaza anatola chipewa chawo n'kutuluka mwakachetechete. Anandichotsa pa Sande sukulu n'kundiimitsa mgonero. Sindinasiye kupita kutchalitchi. Ndinkakhala kumbuyo, ndipo tsiku la mgonero mbale inkandidutsa ngati pa benchipo palibe munthu. Pamjigo azimayi ankatsitsa mawu ndikafika. Bambo anu ankatsogola popita kutchalitchi, ine m'mbuyo, ndipo sitinachezenso bwinobwino mpaka fodya wa chaka chimenecho atagulitsidwa. Makolo analeka kuumba njerwa. A Gondwe anandiitananso, maso ali pa tebulo.

"Mama, ine ndilibe nanu mlandu. Koma ana akuphunzirira m'shedi."

Anapempha ku ofesi kuti andisamutse, ndipo sindinawadandaule. Buloko ija inamangidwa ine nditachoka.

Zaka za ku Lukwa, mpaka kupuma

Ku Lukwa ndinapeza ahedi achizimayi, mayi Zimba, amene sankazungulira poyankhula. "Za ku Kaomba ndinamva," anatero tsiku loyamba. "Kuno phunzitsani silabasi yonse. Koma machubu musatiphulitsire." Mavuto anali omwewo, mabuku ochepa, ana othawira ku fodya, atsikana okwatiwa mabelo a fodya akagulitsidwa. Ndinkakhala ndi inu awiri m'kanyumba ka sukulu, ndipo patapita miyezi bambo anu anayamba kubwera Loweruka lililonse pa njinga, thumba la ufa kumbuyo. Nkhani ija sanaitchulenso, ndipo inenso sindinaitchule.

Abusa a kumeneko anali okalamba. Atandiitana, ndinakonzekera bwalo lina, koma anangondifunsa ngati ndimakhulupirira kuti kumwamba ndi dziko lapansi analenga ndi Mulungu. Ndinati inde. Anati, "Za kutalika kwa masikuwo tidzakafunsa tikadzafika." Atakambirana ndi a ku Kaomba, anandibwezera pa mgonero. Ndinkayembekeza kuti ndikadzalandira, mtima udzakhala pansi. Sunakhale. Chaka chilichonse mutu uja unkabwera, ndipo chaka chilichonse mwana wina ankafunsa funso la Esinta m'mawu ena. Nanga chisanaphulike kunali chiyani? Nanga Mulungu anali ataima pati? Ndinkayankha zimene ndinkadziwa, zotsalazo ndinkavomera kuti sindikudziwa, ndipo pobwerera kunyumba ndinkakangana ndekha m'njira. Masiku ena ndinkayang'ana kumtunda n'kumva kuti Mulungu ndi wamkulu kuposa amene ndinkamuphunzitsa ku Wimbe. Masiku ena ndinkangomva kuzizira, n'kumalakalaka denga langa lakale lija. Anandipemphapo kuti ndibwerere ku Sande sukulu. Ndinakana, osati chifukwa cha mkwiyo, koma poti sindikanathanso kuwerengetsa ana ndi zala mopanda kudodoma.

Bambo anu atamwalira, tinakaika ku Kaomba, ndipo anthu omwe aja anaimba. Anaimba bwino kwambiri.

Nditapuma, ku Kaomba

Nditapuma pa ntchito ndinabwerera pakhomo pano. Fodya ndinamusiya, ndimalima mtedza ndi soya. Ndi a Chimwaza tinkangopatsana moni wa kutchalitchi, kenako anasiya kubwera chifukwa cha matenda. M'chilimwe chapitachi ndikusenda mtedza pakhonde, kunabwera mayi wina wobereka mwana kumsana, n'kugwada chapatali. Anali Esinta.

"Madamu, bambo akukufunani."

Ndinawapeza masana atagona pa mphasa m'mthunzi wa chigafa chopanda fodya, atawonda kwambiri, maso atachita khungu. Ndinakhala pansi n'kuwapatsa moni.

"Mayi Mwale, nyenyezi zanu zija zikuthawanabe?"

"Zikuthawanabe, abambo."

"Zikupita kuti?"

"Sindikudziwa."

Anaseka pang'ono, chifuwa n'kuwagwira. Esinta anawamwetsa madzi.

"Musaganize kuti ndakuitanirani kupepesa," anatero. "Ine sindinasinthe. Masiku anali asanu ndi limodzi."

"Inenso sindinasinthe, abambo."

"Ndikudziwa. Munali ouma mutu kuyambira kale." Anapuma. "Anthu akubwera ambiri kudzandipempherera. Aliyense akundiuza za kumene ndikupita ngati anafikako dzulo. Inenso ndi mmene ndinkauzira anthu, ndinakuuzaninso inu pa manda a mwana wanu. Tsopano ulendo ndi wanga, ndipo masiku ena ndimachita mantha. Kwa iwowo sindinganene, angakhumudwe. Ndiye ndinati, aitaneni mayi aja amene anaima m'tchalitchi n'kunena kuti sakudziwa, koma Lamulungu lotsatira anabweranso."

Ndinafuna kuwauza mawu olimbikitsa, koma onse amene anabwera m'mutu anali omwe aja amene anali atatopa nawo. Anatambasula dzanja m'malere kufunafuna langa, ndipo ndinaligwira. Linali lopepuka ngati tsamba louma.

"Pempherani," anatero.

Ndinagwada pa dothi la m'chigafamo. Sindinadziwe koyang'ana, monga mwa masiku onse, choncho ndinangotsinzina. Ndinapempha Mulungu amene anapanga zonsezi, m'masiku kaya m'zaka zimene iye yekha akudziwa, kuti asamutaye mkuluyu pa njira, ndi kuti pa mtunda wonsewo amupeze. Mawu anandithera pakati. A Chimwaza anadikira pang'ono, ataona kuti sindipitiriza, anamaliza okha pempherolo, ndipo ine ndi Esinta tinati amen.